KODI MWANA AKATI "NDADYA" TINGOKHULUPIRIRA?

Mau oyamba

Loweruka lina m'mwezi wa February ndinkaphunzitsa katekisimu ana okonzekera Ukaristia woyamba ku Chinsapo. Phunziro linali la chakudya cha tsiku ndi tsiku chimene timapempha kwa Mulungu. Pofuna kuti ana amasuke, ndidayamba kufunsa mmodzimmodzi kuti, "Wadya chiyani m'mawa muno?" Woyamba adati tiyi ndi buledi. Wachiwiri adati tiyi ndi buledi wa majarini. Kuyambira pamenepo mzere wonse udamwa tiyi ndi buledi, ine nkukondwa kuti ana a kuno akudya bwino.

Tisanaweruke, mtsikana wina wa zaka 9, amenenso adati tiyi ndi buledi, adachita chizungulire nagwa pansi. Amai a bungwe adamtengera pamthunzi nampatsa thobwa. Atatsitsimuka adaulula pang'onopang'ono kuti chidyereni nsima dzulo lake masana, ndipo kuti kwao usikuwo moto sudasonkhedwe.

Mwanayo sindimuyesa wabodza. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndidamfunsa funso lolemera pamaso pa anzake, ndipo yankho lake ndidalilandira osaliyesa. M'phunziro lino tiona chifukwa chake ana amaphonya ponena zimene adya, kafunsidwe kamene kangatithandize kumva zoona, ndi udindo umene tili nao ife makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a m'miphakati.

1. Kodi funso limeneli ndi lofunika bwanji?

Funso loti mwana wadya chiyani limafunsidwa m'malo ambiri. Mai amafunsa akabwera kugeni madzulo. Anamwino ndi alangizi a zaumoyo amafunsa kusikelo, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila. Aphunzitsi amafunsa akaona mwana akusinza m'kalasi. Komiti ya mphakati imafunsa polemba maina a mabanja ofunika chithandizo. Yankho likalakwika, chithandizo chimalakwikanso: mwana wanjala amadumphidwa, ndipo mai amauzidwa kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino.

Boma nalonso limafunsa. Ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba yakhala ikuchita kafukufuku wamkulu wa zaumoyo m'dziko lonse m'zaka za 1992, 2000, 2004, 2010, 2015-16 ndi 2024. Kafukufuku wa mu 2010 adapeza kuti ana 47 mwa ana 100 aliwonse osapitirira zaka 5 anali opinimbira, ndiye kuti aafupi poyerekeza ndi zaka zao. Mu 2015-16 chiwerengerochi chidatsika kufika pa 37, ndipo m'matauni chinali 25. Kafukufuku yemweyo wa mu 2015-16 adapezanso kuti mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha ndiwo ankadya kokwanira ndiponso mwakasinthasintha.

Tiyeni tione kusiyana kwa ziwerengero ziwirizi. Cha kupinimbira chidapezeka poyeza ana pa thabwa loyezera msinkhu. Cha kadyedwe chidapezeka pofunsa amai zimene mwana adadya dzulo lake, usana ndi usiku. Thabwa siliiwala ndipo silichita manyazi, koma munthu amaiwala ndipo amachita manyazi. Tsono mau amene timayankha pakhonde pathu mlendo wa kafukufuku akabwera, ndi omwewo amene amakafika pa tebulo la Unduna wa Zaumoyo ndi la mabungwe othandiza.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene adalembedwa mu 1994, pa gawo 13 amapatsa boma udindo woyesetsa kuti anthu onse azipeza chakudya chokwanira. Boma silingakwaniritse udindowu ngati silidziwa zenizeni za m'mbale zathu, ndipo ifenso sitingalifunse bwino boma ngati sitizidziwa.

2. Zimene ofufuza adapeza

Njira yodziwira ngati mwana akunena zolondola ndi yosavuta kuimvetsa. Munthu amakhala pambali nkumaonerera mwana akudya, kapena kuyeza chakudyacho pa sikelo, nkulemba zonse. Pambuyo pake munthu wina amamfunsa mwanayo kapena mai ake. Kenaka amayerekeza zolembedwa ndi zonenedwa.

Ku Amereka, Suzanne Baxter ndi anzake adachita zimenezi kwa zaka zambiri ndi ana a zaka 9 ndi 10 amene amadya kadzutsa ndi nkhomaliro kusukulu. Mu 2002 adalengeza kuti ana ofunsidwa m'mawa mwake ankasiya osatchula pafupifupi theka la zakudya zimene adaonedwa akudya. Komanso pa zakudya 10 zilizonse zimene anawo adatchula, pafupifupi 4 zinali zoti sadaonedwe akudya. Mwana yemweyo ankakhoza bwino tsiku lina nkuphonya kwambiri tsiku lina. Pambuyo pake adapezanso kuti ana amakhoza bwinopo akafunsidwa msanga, nthawi isanatalike chidyereni.

Apa tikuphunzira kuti kuphonya kuli pawiri. Pali kusiya chimene chidadyedwa, ndipo pali kuonjezera chimene sichidadyedwe. Tizindikire kuti anawa anali a sukulu za kumene aliyense amalandira mbale yakeyake. Nanga kuli bwanji kwathu kuno kumene ana anai amazungulira mbale imodzi?

Kuno ku Malawi nkhaniyi idafufuzidwanso. Elaine Ferguson ndi Rosalind Gibson, amene panthawiyo anali pa sukulu ya ukachenjede ya Guelph ku Canada, adayerekeza zonena za amai ndi zoyeza pa sikelo pa kadyedwe ka ana a m'midzi ya m'boma la Zomba, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 1989. Mu 1995 adasindikizanso za amai a kumidzi a m'boma la Mangochi. Zovuta zazikulu zimene zinkaonekera ndi ziwiri: zakudya zotolatola za pakati pa tsiku sizinkatchulidwa molondola, ndipo kukula kwa chakudya chimene munthu wadya kunali kovuta kukunena. Pofuna kuchepetsa zovutazi adakonza njira ina. Ankafika pakhomo tsiku lisanafike, nkusiya mbale yoti munthu adyerepo payekha, ndi pepala la zithunzi za zakudya loti azichongapo akadya. Pobwera kudzafunsa ankatenga nsima yeniyeni yothira mchere wambiri kuti isaonongeke, ndipo wofunsidwa ankagawa muyezo wofanana ndi umene adadya, iwo nkuuyeza pa sikelo. Njira imeneyi, imene idayesedwa kwathu kuno, idalembedwa m'buku ndipo yagwiritsidwa ntchito m'maiko ena ambiri.

Mu 2012 Chrissie Thakwalakwa, Mmalawi mnzathu, pamodzi ndi anzake adasindikiza zimene adapeza pa ana a miyezi 15 a kumidzi. Zimene amai ankanena kuti mwana wadya zinkaposa zimene sikelo idaonetsa. Izi siziyenera kutidabwitsa. Mai amakumbukira phala limene adapakula m'bakuli, koma lina lidatayikira pansi, lina lidatsala, lina adamaliza mkulu wake wa mwanayo.

Choncho wamng'ono amaphonya, wamkulunso amaphonya.

3. Chifukwa chiyani mwana amaphonya?

(a) Msinkhu ndi kuiwala. Mwana wosafika zaka 7 kapena 8 sanayambe kusiyanitsa bwino dzulo, dzana ndi sabata yatha. Akhoza kukuuzani mosakaika za mpunga wa nyama umene adadya pa ukwati wa mwezi watha ngati kuti adadya dzulo. Kuyambira zaka 8 mpaka 10 amayamba kukumbukira bwinopo, komabe amafunika kuthandizidwa.

(b) Chizolowezi. Tikafunsa mwana za dzulo, kawirikawiri amatiuza za masiku onse. Ngati kwao amakonda kudya nsima ya bonya, iye ati bonya, ngakhale dzulo lake kunali chisoso. Mutu wake wadzaza mpata ndi chimene udazolowera.

(c) Tanthauzo la mau. Kwathu kuno munthu amene sanadye nsima amati sanadye. Mwana amene wadya mbatata, chinangwa kapena chimanga chophika akhoza kulumbira kuti chiyambire m'mawa sanalawe kanthu. Mbali inayi, mau amodzi amabisa zinthu zosiyana. "Tiyi" akhoza kukhala wamkaka, akhozanso kukhala madzi otentha a shuga pang'ono. "Phala" likhoza kukhala lothira nsinjiro, likhozanso kukhala la mgaiwa ndi mchere basi. Mwana akati wadya nsima ya nyama, mwina nyamayo idapita m'mbale ya bambo, iye nkungonyowetsa mbamu mumsuzi.

(d) Zodyera m'njira. M'matauni athu makolo ambiri amalawirira mbandakucha, ena ku Kanengo, ena ku msika waukulu, ena kukagwira ntchito m'nyumba za anthu ku Area 10 ndi Area 43, ndipo amabwerera dzuwa litalowa. Mwana wa ku Biwi kapena ku Area 23 amakhala tsiku lonse akudya zimene wapeza: chitumbuwa pa buleki, zigege pa chipata cha sukulu, kamba, mafulizesi, bwemba, kachidutswa ka nzimbe, mango osapsa othira mchere. Wa ku Mgona amatola mtedza pamene akuluakulu akusankha. Zonsezi mwana saziwerengera ngati chakudya, ndipo mai sadazione. Motero mai amadziwa za m'mphika, mwana amadziwa za m'njira, ndipo palibe mmodzi mwa awiriwa amene akudziwa zonse.

(e) Mbale imodzi. Ana akadyera pamodzi palibe amene anganene kuti ndadya mitanda ingati. Wamkulu ndi wachangu amadya zambiri, wamng'ono ndi wodwaladwala amatsalira. Onse akatuluka amati "tadya", ndipo onse akunena zoona, koma mimba zao sizinalandire zofanana.

(f) Manyazi. Ichi ndicho chidagwetsa mtsikana uja. M'tauni ana a anthu opeza bwino ndi ana a anthu ogula ufa wa pa tsiku m'timapepala amakhala pa benchi limodzi. Palibe mwana amene amafuna kunena pamaso pa anzake kuti kwathu tadya mkute, kapena kuti tagona ndi njala. Ana amasekana msanga, ndipo dzina lachipongwe likakumata limakhalitsa. Komanso mwana amateteza ulemu wa makolo ake. Tidamphunzitsa tokha kuti za m'nyumba saulula, ndi kuti kwa eni ake ukafunsidwa umayankha kuti "ndakhuta, zikomo". Atsikana osinkhukirapo ena amachepetsa dala zimene anena, poopa kusekedwa kuti ndi osusuka kapena onenepa.

(g) Mantha. Mwana amene adaletsedwa kudya kwa anansi sadzaulula kuti adadya kumeneko. Amene adagula mafulizesi ndi ndalama ya cholembera sadzatchula mafulizesi. Mwana wamasiye amene akuleredwa ndi achibale, ngati akumanidwa chakudya, amaopa kuti akanena zinthu zidzaipiratu. Mantha amenewa akhoza kuika moyo pa ngozi. Tikumbukire kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene adachititsa boma kuchedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, achipatala amafuna kudziwa kumene adadya ndi madzi amene adamwa kuti ateteze ena. Mwana woopa chikwapu sanganene.

(h) Kufuna kukondweretsa wofunsa. Ana ndi ochenjera. Amayang'ana nkhope ya wamkulu nkuona yankho limene likufunika. Mphunzitsi amene wangomaliza kuphunzitsa za ubwino wa zipatso akafunsa kuti ndani wadya chipatso dzulo, manja onse amakwera m'mwamba.

4. Kafunsidwe kabwino

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Koma kufunsa kokha sikukwanira, pafunikanso luso. Nazi mfundo zimene kholo, mphunzitsi, katekisiti kapena wa komiti aliyense angatsate popanda kuononga ndalama.

Choyamba, mfunseni mwana payekha. Pezani chifukwa china, monga kumtuma kuti akuthandizeni kunyamula mabuku, ndipo mucheze naye poti anzake sakumva, komabe poonekera kwa anthu.

Chachiwiri, mfunseni msanga. Za nkhomaliro mufunse madzulo a tsiku lomwelo. Za sabata yatha musavutike nkufunsa komwe.

Chachitatu, tsatani tsiku lake kuyambira podzuka. Mwana amakumbukira bwino zimene adachita, kumene anali ndi amene anali naye, ndipo chakudya chimatulukira chokha m'nkhaniyo.

Chachinai, musamuikire mau m'kamwa. Funso loti "Wamwa tiyi eti?" lili kale ndi yankho lake, ndipo mwana waulemu angoti inde. Ngakhale funso loti "Wadya chiyani m'mawa?" limamuuza mwana kuti anayenera kudya kanthu. Ndi bwino kufunsa kuti, "Utadzuka udachita chiyani? Chinthu choyamba kulowa m'kamwa mwako chinali chiyani, ndipo inali nthawi yanji?"

Chachisanu, funsani padera za m'njira, za pa buleki, za kwa anzake ndi zakumwa.

Chachisanu ndi chimodzi, pofuna kudziwa kuchuluka kwake, gwiritsani ntchito zinthu zooneka. Muonetseni chipande, bakuli kapena kapu. Mfunseni kuti m'mbalemo munali mitanda ingati ndipo adadya anthu angati. Mfunseninso ngati adamaliza kapena adasiyako.

Chachisanu ndi chiwiri, nkhope yanu isasinthe. Musadabwe, musaseke, musakalipe, ndipo musalonjeze mphatso. Mukakwiya kamodzi chifukwa cha zigege, mawa simudzamvanso za zigege, ngakhale mwanayo adzapitirize kugula.

Chachisanu ndi chitatu, musadalire tsiku limodzi. Mphika wa m'tauni umatsata malipiro. Tsiku lolandira ndalama ndi losiyana ndi la pakati pa mwezi, ndipo mwezi wa May ndi wosiyana ndi wa February. Funsani masiku angapo osiyanasiyana.

Chomaliza, kwa mwana wamng'ono funsani amene amakhala naye usana. Nthawi zambiri ameneyu si mai ake ai, koma agogo, wantchito, kapena mkulu wake wa zaka 10 amene amamubereka kumbuyo.

Nachi chitsanzo cha kucheza kotere:

"Dzulo utaweruka kusukulu udalowera kuti?"
"Ndidapita kunyumba, aphunzitsi."
"Udapezako ndani?"
"Achemwali anga okha. Amai anali kumsika."
"Ndiye inu awiri mudatani?"
"Tidakatunga madzi ku kiyosiki, kenaka tidaotcha mbatata."
"Zinali zingati mbatatazo?"
"Ziwiri. Ina tidampatsa mwana."
"Nanga amai atabwera?"
"Adati ufa watha, tidya mawa."

Mphunzitsiyu sadafunse ngati mwanayo wagona ndi njala, koma wadziwa. Mwanayonso sadachite manyazi chifukwa amangofotokoza za tsiku lake.

Mukamva zonse, ziikeni m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa: zokhutitsa monga nsima, mbatata ndi chinangwa, za m'gulu la nyemba monga nandolo, soya ndi mtedza, zochokera ku nyama monga usipa, mazira, mkaka ndi ngumbi, ndiwo zamasamba, zipatso, ndi za mafuta. Kuwerenga magulu nkosavuta kusiyana ndi kuyeza kuchuluka kwa chakudya, ndipo kumaonetsa msanga chimene chikusowa. Mwana akhoza kukhuta nsima tsiku lililonse koma nkumanyentchera chifukwa magulu enawo sakuwapeza.

5. Makutu athandizane ndi maso ndi sikelo

Yankho la mwana ndi poyambira chabe. Tikamva, tiyang'anenso. Mwana amene akusinza m'kalasi nthawi ya m'mawa, amene amakhala phee anzake akusewera, amene amajomba masiku a pakati pa mwezi, kapena amene amabisa chakudya m'thumba kuti akapatse mng'ono wake, akutiuza kanthu ngakhale pakamwa pake pakuti "ndadya".

Kwa ana osapitirira zaka 5, sikelo ndiyo mboni yodalirika. Tisaleke kupita nao kusikelo katemera akatha, ndipo tizifunsa alangizi kuti atifotokozere mzere wa m'kabuku ka mwana, ngati ukukwera, waima kapena ukutsika. Palinso kalamba koyezera mkono ka mitundu itatu, kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, ka ana a miyezi 6 mpaka zaka 5. Mkono ukachepera masentimita 11.5 muyezo umagwera pofiira, ndipo mwanayo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mwana amene watupa mapazi onse awiri, kapena amene tsitsi lake lafiira nkuyamba kuthothoka. Ena akaona zotere amathamangira kunena kuti ndi tsempho, nkuyamba kulozana zala m'banja. Pamene akulu akukangana, mwana akufooka. Kunyentchera kumachizika, ndipo kuchipatala kuli chiponde ndi mkaka wapadera wa ana otere. Chipondecho ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa pa msika.

Chinthu china chophweka ndi kumpatsa mwana wamng'ono mbale yakeyake. Ofufuza aja ankachita zimenezi kuti ayeze bwino, ndipo ifenso zingatithandize kuona ndi maso athu zimene mwana wadya ndi zimene wasiya. Izi sizithetsa mwambo wodyera pamodzi. Banja likhale pa mphasa imodzi monga kale, koma wamng'ono akhale ndi gawo lake lodziwika. Phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya, limene dziko lonse limalidziwa ndi dzina loti Likuni Phala, lidatenga dzinali ku chipatala cha mishoni cha Likuni, pafupi ndi Chinsapo pomwepa. Mai aliyense angapange lofanana nalo pakhomo pothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga m'phala la mwana.

6. Udindo wathu ngati nzika ndi ngati akhristu

Kunena zoona, mabodza ena amene ana amanena pa za chakudya tidawaphunzitsa ndife akulu. Kukamveka kuti kukubwera olemba maina a chithandizo, ena timauza ana kuti, "Akakufunsa unene kuti sitinadye masiku atatu." Kukabwera alendo aulemu kapena apongozi, timati, "Unene kuti tadya mpunga." Njira zonse ziwirizi zimapweteka. Tikakuza vuto, chithandizo chochepacho chimagawidwa molakwika, ndipo mai wamasiye wa kuseri kwa nyumba yathu, amene alibiretu kanthu, amatsala. Tikabisa vuto, chithandizo sichibwera nkomwe. Choipa koposa nchakuti mwana amaphunzira kuti choonadi chimasintha malinga ndi amene wafunsa. Mwana wotere akadzakhala kalaliki, khansala kapena phungu, tidzadandaula chiyani?

Kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992 idatsegula pakamwa pa Amalawi panthawi imene kunena poyera kuti m'dziko muli umphawi kunali koopsa. Ufulu wolankhula tidaupeza. Tsono tiugwiritse ntchito ponena zoona za m'nyumba mwathu momwe, ndipo tiupereke kwa ana athu powalola kunena kuti "ndili ndi njala" popanda kuopa kukalipiridwa.

Nao ofunsa ali ndi udindo. Aliyense wobwera ndi mafunso pakhomo ayenera kunena kumene wachokera, chimene akufuna, ndi kumene mayankho akupita. Ayenera kupempha chilolezo cha kholo asanafunse mwana, ndipo kholo lili ndi ufulu wokana. Komiti ya mphakati kapena ya sukulu ikamva za njala ya banja lina, isunge chinsinsi. Kuwerenga maina a ana osauka pa mzere wa m'mawa kapena m'tchalitchi ndi kuwaphunzitsa ana onse kuti asadzanenenso zoona.

Aphunzitsi tikudziwa kuti ntchito ndi yaikulu. Maphunziro aulere a pulaimale atayamba mu 1994, ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo m'matauni kalasi limodzi limadzaza mpaka pakhomo. Mphunzitsi mmodzi sangacheze ndi mwana aliyense. Apa mpamene makomiti a makolo, magulu a amai ndi miphakati ayenera kulowererapo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pomaliza, tisachoke pano ndi maganizo akuti mau a mwana ndi opanda pake. Ntchito ya phala m'sukulu, imene bungwe la World Food Programme lidayamba m'boma la Dedza mu 1999, idakula kwambiri ndi bungwe la Mary's Meals. Bungweli lidabadwa m'dziko lino mu 2002, chaka cha njala, pamene Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland adakacheza pakhomo pa mai wina wodwala kwambiri, nafunsa mwana wake wa zaka 14 chimene ankalakalaka pa moyo wake. Mnyamatayo adatchula zinthu ziwiri, chakudya chokwanira ndi mwai wopita kusukulu. Adafunsidwa mwaulemu, adayankha zoona, ndipo wofunsayo adachitapo kanthu. Mwana akhoza kusokoneza masiku ndi kuiwala chitumbuwa cha pa buleki, koma njala yake amaidziwa bwino kuposa wina aliyense. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti chitsekocho sitinachikhome ndi manyazi kapena mantha.

Mtsikana uja wa ku Chinsapo adalandira Ukaristia pamodzi ndi anzake chaka chomwecho. Mphakati wa kwao udayendera banjalo mwakachetechete mpaka chimanga chidayamba kutsika mtengo. Ine kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso za chakudya pa mzere.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ana a m'dera lathu amadya chiyani kuyambira pochoka pakhomo m'mawa mpaka pobwerera? Ndi zingati mwa zimenezi zimene makolo timazidziwa?

2. Ndi mau ati kapena machitidwe ati a ife akulu amene amachititsa mwana kubisa kuti ali ndi njala?

3. Kodi tidayamba tauzapo mwana chonena pamaso pa olemba maina kapena alendo? Zotsatira zake zinali zotani kwa mwanayo ndi kwa anansi athu?

4. Awiriawiri, yesani kafunsidwe ka m'gawo 4. Wina akhale mwana, wina wofunsa. Gulu lione ngati wofunsa akuikira mnzake mau m'kamwa, ndipo liwerenge magulu a zakudya amene atchulidwa.

5. Mphakati wathu ungadziwe bwanji mabanja amene akugona ndi njala popanda kuwachititsa manyazi? Tisankhe anthu awiri oti ayambe ntchitoyi, ndi tsiku loti adzatiuze mmene ayendera.